Ine Ndi Amene Ndinati Sapweteka

Ntchito yanga ndi yopukuta. Ndinene poyamba pomwe, chifukwa abale anga anaiwala, ndipo ine ndinawathandiza kuiwalako. Ndimagwira pa kachipatala kena kolipira kuno ku Lichinga, m'chipinda cha ekografiya, momwe amayi oyembekezera amadzaonera ana awo ali m'mimba. Dokotala amapaka mafuta oterera pamimba, amayendetsa kachida kake, mwana n'kuoneka pa sikirini akutakataka. Akamaliza ndimabwera ine ndi nsalu. Ndimapukuta bedi, ndimasintha chofunda, ndimakolopa, ndimaitana wotsatira. Papepala la ntchito analemba kuti seriventi, ndipo sananame.

Koma kwathu ndinali adotolo. Zinayamba ngati nthabwala, tsiku limene ndinafika pamaliro ndili mu yunifolomu. Kenako mwana wa wina akatentha thupi, foni kwa ine. Wina akapatsidwa mapiritsi ankabwera nawo ku Sanjala kumene ndimakhala kuti ndiwaone kaye, ine n'kutembenuza kabokosi uku ndi uku, n'kuwerenga Chipwitikizi mokweza, n'kumuuza zomwe zinalembedwa kale pamenepo. Zinkandikoma, ndisaname. Munthu wawerama ndi chikolopa tsiku lonse, wina n'kukupatsa mpando wa kutsogolo, ungakane? Ine sindinakanepo.

Mkulu wanga, amene ndimawatchula kuti mana, ndi okhawo sankagwa nazo. Ankagulitsa mbatatesi pamsika, ankakhala ku Lulimile ndi amuna awo, ndipo pakamwa pawo panali lumo. Ndikangoyamba kufotokozera anthu za matenda, iwo amvekere, “Ayambapo adotolo a chikolopa.” Ndi iwo anandilera mayi athu atamwalira, ndiye ndinkangoseka nawo, ngakhale kumtima zinkandilasa.

Anagwa m'mawa wina wa mu Juni, kuli chisanu chathu chija cholowa mpaka m'mano. Ankathira mbatatesi m'ndowa, ndowa n'kuwapulumuka. Amayi anzawo a pamsika anati pakamwa panapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja linangoti lende, mawu n'kuthawa. Kuno matenda amenewa timati torombozi, anzathu a ku Malawi amati sitiroko. Anawakweza m'galimoto ya munthu wina wobweretsa matumba n'kuthamangira nawo kuchipatala. Ine ndinawapeza atagonekedwa kale, diripi ili pamkono, maso akutsatira aliyense wolowa pakhomo.

A kuchipatalako ndilibe nawo mlandu. Anawayeza, anati magazi akuthamanga kwambiri, anawapatsa mankhwala otsitsa. Anatiuza kuti ayenera kujambula mutu kuti adziwe chimene chachitika m'katimo, ndipo tsiku lachiwiri masana anati ajambula m'mawa mwake. Chomwe tinkafunika kuchita n'kukhala pansi n'kupinda manja mpaka kuche. Ntchito yosavuta chonchi inatikanika anthu atatu akuluakulu.

Alamu anga, amuna a mana, amayendetsa mota, njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo kwa iwo chinthu chikaima ndiye kuti chawonongeka. Pa nthawi yoona odwala anatikokera panja, ine ndi achimwene athu aakulu amene anali atangofika kuchokera kumunda. Anatulutsa foni.

“Taonani izi,” anatero alamu. “Pasajeru wanga wina, amene ndinamunyamula pa mota, wandionetsa. Kunja magazi oundana m'mutu akumawasungunula ndi makina, osang'amba, osabaya. Amangogunditsa pambali pa mutu apa, mafunde n'kulowa. Ndiye makina omwewo alipo muno mu sidadi, m'tauni mwathu momwemuno, pali bambo wina ali nawo. Akuti ukachedwa magazi amalimba ngati simenti. Kunoku akungowagoneka basi, amanyana, amanyana, mawa lake losafika.”

Pafonipo pankaoneka munthu atagona, chinthu chitamangidwa kumutu, madokotala ataima momuzungulira. Ankalankhula chinenero chimene panalibe mmodzi wa ife wochimva. Tinaonera kawiri, tikugwedeza mitu ngati tikutolapo kanthu.

Apa mpamene mwambo wathu unanditula katundu pamutu. Kwathu mwamuna sagamula yekha za moyo wa mkazi wake. Anakwatira, inde, koma mkaziyo ndi wa mbumba ya mlongo wake. Alamu ankadziwa kuti akawatulutsa okha mana, china n'kuchitika, mlandu wake sangaumalize. Ndiye anayang'ana achimwene, eni mbumba. Achimwene nawo chimanga ndi nyemba amazidziwa, koma foni amaigwira ngati ikuwotcha. Anakanda mutu, anatsokomola, kenako anayang'ana ine.

“Iwe ndi wa ku oshipitali,” anatero. “Tiuze. Zimenezi sizipweteka munthu?”

Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinalifunsira kuti aone kuti ndimadziwa kufunsa. “Akuti ndi mafunde ngati a ekografiya?”

“Omwewo, alamu. Bamboyo wanena yekha,” anayankha alamu angawo.

“Aaa, ngati ndi amenewo sapweteka,” ndinatero. “Ife timawaika pamimba pa mayi, mwana wa miyezi itatu ali momwemo, osamva kanthu. Ndiye angapweteke mutu wa munthu wamkulu wokhala ndi fupa?”

Tamvani, akuti ife timawaika. Ife ndani? Kachida kaja sindinaloledwepo kukagwira kupatula pokapukuta. Dokotala wa kuntchito kwanga nambala yake inali m'foni mwanga, m'thumba la juzi lomwe ndinavala. Kuimba kukanatenga nthawi yochepa kuposa yomwe tinatha poonera kanema uja. Sindinaimbe, chifukwa adotolo safunsa anzawo pamaso pa abale.

“Basi, wanena wodziwa,” anatero achimwene, nkhope itamasuka.

Namwino wa muwodimo anakana. Anayamba mofatsa, kenako anakweza mawu, akuti mayiwa sakuyenera kugwedezeka, dikirani chithunzi cha mutu, mankhwala angoyamba kumene kugwira. Zonsezi ankanenera pambali pa bedi la mana. Amene anamuyankha ndi ine, m'Chipwitikizi chosalala, kuti banja lagwirizana. Anabweretsa pepala lonena kuti tawatulutsa tokha, achimwene anadindapo chala. Powanyamula, mana anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lamanzere, lamoyo lija, osafuna kusiya. Ndinauza anthu kuti matendawa amaumitsa zala. Ndinazimatula ndekha, chimodzichimodzi.

Bambo uja ankagwirira ntchito m'kachipinda kuseri kwa sitolo yogulitsa zitsulo za njinga. Anali atavala jasi loyera losita bwino, ndipo anatilandira ndi ulemu wa munthu amene waona ndiwo zikudzibweretsa zokha. Anawagoneka mana pabedi lopapatiza, anawameta pamwamba pa khutu lamanzere, n'kutulutsa botolo la mafuta oterera. Anali omwe aja ndimapukuta tsiku ndi tsiku. Ndinawayang'ana achimwene n'kuwagwedezera mutu kuti mwaonatu.

Kenako anavundukula makinawo. Kanali kabokosi konga wailesi, kokhala ndi chingwe ndi mutu wachitsulo kumapeto kwake. Sikirini panalibe. Ndinayang'ana patebulo, pakhoma, kuseri kwa chitseko. Ngati pali chinthu chimodzi chomwe ndinkachidziwadi m'zaka zonse zokolopa chipinda chija, n'choti ekografiya ndi yoonera, dokotala sachotsa maso pa sikirini. Nanga uyu ankaona ndi chiyani? Ankadziwa bwanji pamene pali magazi oundanawo? Mtima unandiuza pompo kuti awa si makina amene ndimawadziwa. Ndinatsegula pakamwa. Koma alamu anali atamuuza kale bamboyo kuti awa ndi a chipatala, ndipo achimwene ankandiyang'ana ndi maso a munthu amene watula nkhawa zake zonse. Ndikanati chiyani, pepani ndine wokolopa? Amati manyazi anapha lambe, koma lambeyo anafa yekha. Manyazi anga anakagwera munthu wina. Ndinatseka pakamwa.

Anayatsa. Sipanamveke phokoso lililonse. Anayamba kuzunguza chitsulo chija pometa paja, ndipo pasanapite nthawi mana anayamba kubuula, akupotoza khosi, dzanja lamanzere likukankha mkono wa bamboyo.

“Ndi magazi akusungunuka amenewo,” anatero bamboyo. “Mayi a chipatala, tagwirani dzanjali.”

Ndinagwira. Ndinagwira ndi manja onse awiri, ndikuwanyengerera ngati mwana wa pa jakisoni, kuti pirirani mana, zitha posachedwa. Dzanja lonyamula matumba a mbatatesi lili ndi mphamvu, ndinachita kulitsamira. Atachotsa chitsulo ndinakhudza pometa paja, panali potentha. Bamboyo anati tibwerenso mawa ndi mkuja, ndipo mapiritsi a kuchipatala tisiye kaye chifukwa amalimbana ndi mafunde. Apanso achimwene anandiyang'ana, apanso ndinagwedeza mutu.

Mawa lake tinapitanso, ndinagwiranso. Madzulo a tsikulo, dzuwa likadalipo, mana anayamba kusanza kunyumba kwawo ku Lulimile. Anagwira mutu, anabuula kwa kanthawi, kenako anagona tulo tachilendo, akuliza mkonono wokoka. Ndinawagwedeza, ndinawatsina, ndinawaitana dzina la paubwana. Palibe. Alamu anathamanga kukapempha galimoto kwa aneba, ndipo tinabwerera komwe tinathawa kuja, mitu ili pansi.

Dokotala amene anatilandira anali mtsikana wowonda, wamng'ono kwa ine. Anaona pometa paja, pofiira, n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Alamu anafotokoza, mpaka anatulutsa foni. Mtsikanayo sanaiyang'ane n'komwe. Anathamangitsa mana kojambula, ndipo atabwerako anatiimika m'khonde la wodi.

“Torombozi ili pawiri,” anatero, akusakaniza Chinyanja ndi Chipwitikizi, mwaukali. “Pena mtsempha umatsekeka, pena umaphulika. Poona ndi maso zimaoneka chimodzimodzi, koma chothandiza uyu chimapha uyo. N'chifukwa chake tinati dikirani tijambule. Zomwe mwaona pafonizo zilipodi, madokotala akunja anayesa. Koma amayamba ajambula mutu, amachita m'maola oyambirira, ndi makina opangidwira zimenezo, wodwala ali m'manja mwawo. Ndipo ngakhale kumeneko makina ena anachititsa anthu kukha magazi m'mutu. Iwowo akadafufuzabe, inu mwamaliza kale kuseri kwa sitolo? M'mutu mwa mayiwa muli magazi. Ndani anakuuzani kuti zimenezi n'zosaopsa?”

Alamu anayang'ana khoma. Achimwene anapinda chipewa m'manja. Palibe anandiloza, ndipo mpaka lero ndimalakalaka wina akanandiloza, akanandimenya mbama pomwepo anthu akuona. Ine ndinayang'ana pansi. Ndikukumbuka kuti ndinaona kuti wokolopa wa kumeneko amasiya m'makona.

Patapita masiku, mana ali pakati pa moyo ndi imfa, ndinamudikirira dokotala uja pakhomo n'kumufunsa ndili ndekha ngati ndi makina aja anachita. Anandiyang'ana, ukali utamuthera. Anati sangandinamize. Mwina mtsempha unaphulikira pamsika pomwe tsiku loyamba, mwina ndi kusiya mankhwala, mwina ndi kuwanyamulanyamula, mwina makinawo, mwina zonse pamodzi. Anati tikanadikira chithunzi choyamba chija bwenzi tikudziwa, koma tsopano palibe angadziwe. Ndinkafuna andiuze kuti ndi iwe, kapena si iwe. Anandipatsa mwina anayi, ndipo ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.

Ndinapita kwa bambo uja mutu utatentha. Ndinapeza mayi wina wokalamba atakhala pa benchi kudikira, mwana wake wamkazi atamugwira phewa. Ndinalowa osaodira. Ndinalavula moto, ndinamutchula wakuba, mfiti yovala zoyera, ndinamufunsa komwe anaphunzira kuphika mitu ya anthu. Iye sanatekeseke. Anapitiriza kupinda kansalu kake.

“Mayi, ine sindinakutengeni kunyumba,” anatero. “Munabwera nokha. Ndipo inu si a chipatala? Munaona makina, munagwira dzanja. Bwanji simunanene?”

Zimapweteka kutukwanidwa ndi munthu wabwino, koma kuuzidwa zoona ndi tambwali kumaposa. Potuluka ndinawauza amayi a pa benchi aja kuti thawani, mkulu wanga ali gone chifukwa cha chipinda chimenechi. Mwana wawoyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti inu ndinu adokotala? Ndinati ayi, ndine wokolopa. Sanasunthe pa benchipo.

Mana sanafe. Anadzuka patapita masabata, mbali yamanja itatheratu, pakamwa popanda liwu ndi limodzi lomwe. Tinawatengera kunyumba, abale anasonkhana, ndipo nkhani anaimaliza mwachangu. Achimwene anati zonse analemba Mulungu. Alamu anati tinayesetsa, cholinga chinali chabwino. Azakhali ena anachita kundithokoza chifukwa chothamangathamanga. Ndinkamva ngati ndiphulika. Mulungu ndi amene anatulutsa foni? Mulungu anadinda chala papepala? Ndinakwiyira alamu chifukwa cha phuma lawo, ndinakwiyira achimwene chifukwa chokhala eni mbumba ongodziwa kuponyera wina mpira, ndinakwiyira mwambo umene umazunguza funso mpaka likagwere pa wopusa wolankhula molimba mtima. Koma ndikawerenga onse olakwa ndimapeza kuti iwo sankadziwa. Amene anaona kuti sikirini palibe ndi mmodzi yekha.

Kuchipatala anatilembera kuti tizipita nawo kolimbitsa ziwalo kawiri pa sabata, ndipo ndinkawaperekeza ndi ine. Tsiku loyamba lomwe, titangolowa, ndinaona kabokosi konga wailesi, chingwe, mutu wachitsulo. Wogwira ntchito mmenemo, bambo wa ndevu zake ndithu, ankazunguza chitsulocho pa bondo la mkulu wina. Ndinamufunsa kuti makinawa ndi a chiyani. Anati ndi ofunditsa minofu m'kati, bondo, msana, phewa. Ndinafunsa kuti nanga pamutu. Anasiya zomwe ankachita n'kundiyang'ana ngati ndatukwana. Anati pamutu saika, ndi chinthu choyamba chimene amaphunzitsidwa.

Koma si zimenezo zinandithyola tsiku limenelo. Itakwana nthawi ya mana, bamboyo sanafunse ine kalikonse. Anakoka mpando, anakhala moyang'anana nawo, n'kuyamba kulankhula ndi iwowo. Ine ndinalowerera, kuzolowera, kuti salankhula awa, funsani ine. Anandikwezera dzanja kuti ndidikire.

“Mama, phewali likuwawa?” Mana anagwedeza mutu kuvomera.

“Ndamva kuti mumagulitsa pamsika. Tomato?” Anapukusa mutu, tsinya lili pamphumi, lomwe lija ankamangira munthu wonenerera mtengo.

“Mbatatesi?” Anavomera.

Bamboyo anatembenukira kwa ine. Anati ambiri odwala chonchi mawu ndi amene amatsekeka, koma kumva amamva, ndipo maganizo amakhala alipo. Anati tiziwafunsa mafunso oyankha ndi mutu, tisamalankhule za iwo ngati palibe. Ananena mwachifundo, ngati malangizo wamba. Sankadziwa kuti kuyambira tsiku logwa lija tinafunsa pasajeru, tinafunsa foni, tinafunsa eni mbumba, tinafunsa wokolopa, koma mwini mutu palibe anamufunsa.

Ndinasunga mafunso anga masiku anayi, ndikuwaopa. Lachisanu masana ndinawasambitsa, ndinawakhazika pakhonde kuti aothere dzuwa, ndinawafunditsa chitenje chija timati kapulana m'mapewa. Alamu anali ku mota, panyumba panali ife awiri. Ndinakhala pansi n'kuika phazi lawo lamanja pamwendo panga, ndikulipaka mafuta monga anatiphunzitsira.

“Mana,” ndinatero, osakweza maso. Kenako ndinakumbukira kuti yankho lili kumutu, ndiye ndinayenera kuwayang'ana. “Tsiku lija tinakutulutsani m'chipatala, munamva zimene namwino ankanena?”

Anavomera.

“Munkafuna kupita?”

Anapukusa mutu, pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

“Kwa bambo wa kuseri kwa sitolo uja kunkawawa?”

Anavomera kawiri.

“Mukudziwa kuti ndi ine ndinawauza achimwene kuti sapweteka?”

Anavomera. Sanachedwe n'komwe.

Funso lomaliza ndinalifunsa ndi mawu a mwana amene iwo anamulera, osati a mayi wa zaka zanga. “Mana, mungandikhululukire?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira mutu uja, ndinaudikira ngati woweruza. Sunapite pansi, sunapite m'mbali. Kenako anakoka mwendo wamanzere n'kuusanjika pamwendo panga kuti ndipakenso umenewo, ndipo ndinapaka.